Mtima Wachiwiri

Chevelle ya mchimwene wanga Roscoe
yagona zaka khumi ndi zinayi m'garaja muno mu Toledo,
matayala ataphwa, mbewa zitaswana
m'mpando wakumbuyo.
Injini inang'aluka chaka cha chisanu choopsa chija
iye ataiwala kukhetsa madzi.
Anaiwala zambiri chaka chimenecho:
makiyi, njira ya kutchalitchi,
kenako dzina langa.

Lero ndili kwa a Vandermolen, kuseri kwa njanji,
kumene ngakhale khofi amanunkha oyilo.
Injini ziwiri zaima pa zitsulo
ngati ng'ombe zodikira wogula.

Yoyamba ndi yofiira psuu, yonyezimira mpaka mabawuti.
"Mphamvu ya mahatchi mazana asanu ndi makumi asanu," akutero,
"koma petulo imamwa ngati chidakwa tsiku la malipiro,
ndipo pa maloboti imanjenjemera, siikonda kuima."
Madola zikwi khumi ndi ziwiri.
Ine ndimayendetsa basi ya ana asukulu.
Ntchito yanga yonse ndi kuima.

Inayo ndi yotuwa, yopanda chokopa maso.
Ndafunsa zam'kati, poti utoto
ndi chikomekome cha mkuyu.
Andipatsa pepala lodzaza zidindo za zala zakuda:
mapisitoni asanu ndi atatu, onse atsopano,
masilinda anapalidwa pang'ono chabe,
pampu ya oyilo yosintha,
chitsimikizo cha zaka ziwiri.
Mahatchi ake ndi ochepa.
"Iyi idzalira m'mawa wa Januwale osakunyengererani,"
akutero, akupukuta manja pa nsalu yakuda kuposa manjawo.

Ayiliza yofiira ija.
Malata a denga ayankha, galu wathawira pansi pa tebulo,
phokoso landilowa m'mano, m'nthiti,
ndipo mwadzidzidzi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu,
mawondo ali pachibwano, tsitsi m'kamwa,
Roscoe akukankha giya yachinayi pa msewu wa ku Monroe,
akukuwa kuti ndisakawauze amayi.
Sindinawauze.
Dzanja langa lapita lokha m'chikwama.

"Musagule ndi makutu, mayi Tillery."
Aizimitsa. Chete wagwa ngati sipanala pa simenti.

Yotuwa ija ikulira mwaulemu,
du-du-du-du, ngati munthu wamkulu akuseka chamumtima.
A Vandermolen akanikiza sikuludiraiva pachitsulo,
chogwirira chake kukhutu kwanga,
ngati sing'anga wa kuchipatala pachifuwa cha khanda.
Ndamva zonse zikuyenda m'malo mwake,
palibe chogogoda, palibe chothamangira chinzake.

Roscoe akanasankha yofiira, osafunsa ndi mtengo womwe,
akanakongola, akanagulitsa bwato, akananama kwa Darlene.
Koma Roscoe ali ku manda a Calvary
ndipo chiwongolero chatsalira ine,
wa bondo lotupa, woopa apolisi,
wofuna kungofika kwa mwana wanga ku Findlay Lamlungu
zenera lili lotsegula.

Ndaloza yotuwa.
Ndalemba cheke, dzanja likunjenjemera kuposa injini.

Kenako ndatulutsa zimene ndabwera nazo m'chikwama cha pepala:
zivindikiro ziwiri za pamwamba pa injini yakufa ija,
zadzimbiri, chimodzi chopindika pakona
pomwe anachimenya ndi nyundo atapsa mtima.
Pa chinacho anakanda ndi msomali: R.T. 1974,
R wake wopendekeka ngati akuthawa.

"Muike izi."
A Vandermolen azitembenuza, aziunika pa nyali,
ayendetsa chala m'mphepete mopindikamo.
"Zikwana," akutero. "Koma ichi chizidontha oyilo."

Ndakumbuka banga lakuda pakhomo la garaja ya bambo,
lomwe amayi anakwecha ndi sopo zaka zisanu ndi chimodzi
osachoka,
lomwe eni nyumba atsopano anathirapo phula.

"Chizidontha," ndatero.
"Lembani pa risiti kuti ndauzidwa."